Kukumba borehole mu Lusaka: kupeza madzi n'kosavuta, ntchito ili pa kuwateteza

Magalimoto awiri aja akangokhotera mumsewu wanu, aliyense amadziwa chimene chabwera. Yoyamba yabereka chimlongoti chachitsulo kumsana, yachiwiri yasenza kompuresa, makina opopa mpweya, ndi mulu wa mapaipi. Ana amathamangira kugeti, aneba amaanula zovala n'kutseka mawindo, poti posakhalitsa fumbi loyera ngati ufa likuta nyumba zitatu. Ku Chalala, Ibex Hill, Silverest, Lilayi, Makeni ndi konse kumene mzinda wakula kusiya mapaipi a kampani ya madzi m'mbuyo, zimenezi n'za tsiku ndi tsiku. Munthu akagula poloti amayamba waitana okumba borehole asanagule ngakhale thumba la simenti, chifukwa popanda madzi maziko sathirika. Abale athu a ku Chipata ndi ku Malawi amati mjigo, makamaka ukakhala wopopa ndi manja. Kuno tinangozolowera kuti borehole.

Ndaimapo pambali pa makinawa kawiri, koyamba pa poloti ya mlongo wanga, kachiwiri pakhomo panga. Ulendo woyamba tonse tinali ndi funso limodzi lokha: madzi atuluka kodi? Atatumphuka, mlongo wanga anaimba nthungululu, ndalama tinapereka, makina anapita. Mvula itagwa mu Januwale anandiimbira foni. "Achimwene, tabwerani mudzaone. Madzi akutuluka ngati tiyi wamkaka." Anthu aja anaika paipi yachitsulo m'mamita apamwamba okha, m'mbali mwake n'kungokwiriramo dothi lomwe linatuluka m'dzenjemo, simenti ayi. Madzi a mvula odutsa pabwalo anapeza njira yotsetsereka nayo paipi mpaka pansi. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kufunsa mafunso, ndipo ndinapeza kuti gawo lofunika kwambiri la ntchito yonse limachitika kumapeto, dzuwa litapendeka, antchito atatopa, mwini wake akusangalala ndipo sakuyang'ananso.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe ndi mwala umene tikhalapo. Gawo lalikulu la Lusaka, kuchokera kummwera chakummawa kudutsa pakati mpaka ku Kanyama ndi Lusaka West, lili pamwamba pa mwala wa laimu, umene akatswiri amautcha dolomite ndi marble. Ndi womwe uja amayi amaphwanya m'mbali mwa misewu n'kumagulitsa pa wilibala. Mwala umenewu umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi a mvula. Pa zaka zosawerengeka ming'alu yake yakula, ina yasanduka mapanga, ndipo yalumikizana ngati njira za chiswe. Madzi amakhala m'menemo. Si kuti pansi pa nyumba iliyonse pali nyanja, ayi. Pali thanthwe louma lokhala ndi ming'alu yodzaza madzi, ndipo wokumba akungofuna kuti dzenje lake lidutse pa mng'alu wabwino. Ndiye chifukwa chake neba wanu angapeze madzi ochuluka pa mamita 40, inu kuseri kwa mpanda womwewo n'kufika 80 mukungotulutsa fumbi. Madera ena, makamaka chakumpoto kwa mzinda, pansi pali mwala wa schist umene umaumira madzi, ndipo kumeneko borehole yopereka pang'ono si yachilendo.

Mwala wa laimuwu ndi dalitso. Ngakhale Lusaka Water Supply and Sanitation Company, kuwonjezera pa madzi a mtsinje wa Kafue amene amayeretsedwa ku Iolanda, imadalira ma borehole ake ambirimbiri a mumzinda momwe muno. Koma mwala womwewu uli ndi vuto lalikulu: susefa. Kumene kuli mchenga ndi dothi lakuya, madzi oipa amayenda pang'onopang'ono, tizilombo n'kufera m'njira. Kuno dothi ndi lochepa, malo ena thanthwe lili poyera, ndipo chimene chalowa mumng'alu chimayenda msanga n'kufika kutali. M'dzinja madzi apansi amakwera mpaka kufika m'zimbudzi zokumba. Amene tinaona kolera wa 2017 mpaka 2018, pamene zitsime zosaya za m'makomboni zinkakwiriridwa, ndiponso wa 2023 mpaka 2024, pamene National Heroes Stadium inasanduka chipatala, sitifunika kuuzidwa kawiri. Tisadzinamize kuti ili ndi vuto la ku komboni kokha. Kumayadi atsopano nyumba iliyonse ili ndi septic tank, thanki yapansi yolandira za m'chimbudzi, ndi soakaway yake, dzenje lomwetsera madzi oipawo m'nthaka, pa mwala womwewo.

Choncho ntchito imayambira pa pepala, makina asanabwere. Lamulo la madzi la 2011 linakhazikitsa bungwe loyang'anira madzi la WARMA, ndipo mu 2018 boma linatulutsa malamulo okhudza madzi apansi ndi okumba. Mwachidule, kampani yokumba iyenera kukhala ndi laisensi ya WARMA, bungwelo liyenera kudziwitsidwa musanakumbe, ndipo borehole ikatha iyenera kulembetsedwa. Pemphani kuona laisensiyo ndi maso anu. Amene ali nayo sakhumudwa nalo funso limeneli.

Malamulowo amanenanso za mtunda wa mamita 30 pakati pa borehole ndi chimbudzi chokumba, septic tank kapena soakaway. Apa ndi pamene ambiri timakanda mutu. Poloti ya mamita 20 kwa 30, mukayeza kuchokera pangodya kufika pangodya ya mbali inayo, imangokwana mamita 36. Ndiye kuti borehole ikakhala kungodya ya kutsogolo, soakaway iyenera kukhala kungodya ya kumbuyo kwenikweni, ndipo apo simunawerengere ya neba, imene mwina yatsamira mpanda wanu pafupi ndi pamene mukufuna kukumba. Madzi apansi sadziwa mpanda. Gogodani kwa aneba a mbali zonse, mufunse pamene anaika kapena adzaike zawo. Safunsa anadya phula. Ine ndimaona kuti m'misewu yambiri chanzeru chikanakhala borehole imodzi yomangidwa bwino, pamalo otalikira zonyansa, yogawana nyumba zinayi kapena zisanu, kusiyana ndi mabowo asanu aliyense pafupi ndi soakaway ya mnzake. Ndikudziwa kuti nkhani ya bilu ya magetsi ndi pampu ikafa imadanitsa anthu, koma mgwirizano wolembedwa umatha zimenezo.

Kenako pamabwera woyeza malo, amene ambiri timangoti wa survey. Amakhoma zitsulo pansi motalikirana, n'kulumikiza mawaya, n'kutumiza magetsi ochepa m'nthaka. Thanthwe louma limakaniza magetsi kwambiri, pamene mwala wong'aluka wonyowa umawalola kudutsa. Poona kusiyanako amatha kunena kuti apa pakuoneka bwino kuposa apo, ndipo mwina madzi angapezeke pakuya mwakuti. Makinawo saona madzi. Dongo lonyowa nalonso limalola magetsi, ndipo pa poloti yaing'ono yokhala ndi mipanda, mawaya ndi konkire, malo otambasulira zingwe amachepa. Survey imachepetsa mwayi wolephera, siyilonjeza. Alipo ena oyenda ndi timawaya tiwiri kapena kamtengo ka mphanda m'manja. Sindinyoza munthu, koma pa mwala ngati wathu, pamene ming'alu ili ponseponse, wolosera aliyense amapezako nthawi zambiri. Ine ndalama zanga ndimapereka kwa amene andisiyire lipoti lolembedwa. Umboni wina wabwino, waulere, ndi wa aneba: anafika mamita angati, madzi anawapeza pati, ndipo mu Okutobala amauma kapena ayi.

Musanasaine kalikonse, gwirizanani za dzenje louma. Makampani ambiri amalipiritsa pa mita iliyonse, kapena mtengo umodzi kufika kuya kwakuti n'kuwonjezera pa mita yopitirira. Madzi akapanda kupezeka, mulipira zingati? Casing, mapaipi otchinga khoma la dzenje, ndi ya mtundu wanji, ifika pati? Simenti, nsangalabwi ndi kuyeza kuchuluka kwa madzi ndi pampu zili mumtengomo? Mtengo wotsika modabwitsa nthawi zambiri watsika chifukwa zimenezi azichotsamo.

Tsiku lokumba, galimoto imaima pamalo osankhidwa, n'kutsitsa miyendo yake kuti ikhazikike, mlongoti n'kudzuka. Uyenera kuima chilili ndithu, chifukwa dzenje lokhota limadzavutitsa polowetsa mapaipi ndi pampu. Makina amene timaona kwambiri mu Lusaka amakumba ndi mpweya. Kunsonga kwa mapaipi okumbira kuli nyundo yolemera yokhala ndi mano olimba ngati mabatani. Kompuresa imakankha mpweya wamphamvu kudzera m'kati mwa mapaipiwo, mpweyawo umamenyetsa nyundo pa mwala kambirimbiri pa sekondi imodzi uku ikuzungulira, ndipo mpweya womwewo pobwerera kumwamba umanyamula zophwanyikazo. Fumbi lija ndi mwala wa pansi pa nyumba yanu.

Amayamba ndi bowo lalikulupo, mainchesi 8 kapena 10, kudutsa dothi ndi mwala wofumbutuka wa pamwamba. M'menemo amalowetsa paipi yachitsulo yoletsa dothi kugumukira m'kati. Akafika pa thanthwe lolimba amasintha nyundo n'kupitiriza ndi bowo la mainchesi 6 kapena 6 ndi theka. Paipi yokumbira ikatha kulowa, amamangirira ina pamwamba pake. Khalani pomwepo muziwerenga. Funsani kutalika kwa paipi imodzi, muyeze nokha ndi tepi, ndipo iliyonse ikalowa ikani kamwala m'thumba. Potulutsa muwerengenso. Kumeneku si kukayikira munthu, ndi ndalama zanu, ndipo kuya kwenikweni mudzakufuna tsiku logula pampu. Wokumba wosamala amatapa zophwanyika pa mita iliyonse kapena iwiri n'kuziyala pansi mondondozana timilu timilu. Mzere umenewo ndi wosangalatsa kuuona: kufiira kwa dothi, kenako chikasu, kenako kuyera ndi kutuwa kwa mwala, ndiye penapake timiyala tokulirapo tokhala ndi dzimbiri m'mbali. Timeneto ndi chizindikiro cha mng'alu umene madzi akhala akuyendamo.

Pakhomo panga fumbi linasiya mwadzidzidzi, phokoso la makina linasintha, n'kuyamba kutuluka phala lotuwa, kenako madzi anawaza mpaka pa mpanda. Foromani anandikodola. "Bwana, manzi yabwera." Ndinamufunsa ngati tiima pomwepo. Anapukusa mutu, ndipo anali ndi zoona. Madzi oyamba kukumana nawo kawirikawiri ndi apamwamba, amene amauma msanga m'chilimwe ndiponso ndi amene ali pafupi ndi zonyansa. Amapitirira kufunafuna ming'alu yakuya, n'kusiyanso malo pansi pake okhalamo pampu ndi matope odikha. Ma borehole ambiri a pakhomo mumzinda muno amathera pakati pa mamita 50 ndi 80, ena kupitirira 100. Koma kuya pakokha si madzi. Ngati kwa mamita ambiri mukungotuluka fumbi louma la thanthwe losang'aluka, kupitiriza kuli ngati kutaya ndalama m'dzenjemo.

Mwala wathu uli ndi msampha wina. Nyundo ikalowa m'phanga, mapaipi amatsika okha osamenya kanthu, mpweya umathawira m'phangamo, ndipo kumwamba sikutuluka chilichonse. Nthawi zina phangalo ladzaza matope ofiira amene amagwira nyundo. Apa m'pamene pamaonekera wodziwa ntchito, chifukwa pamafunika kutsitsa paipi yachitsulo kudutsa malo oipawo asanapitirize.

Dzenje likatha, likadali dzenje chabe. Kuti likhale chitsime liyenera kumangidwa m'kati. Amatsitsa mapaipi a PVC, nthawi zambiri a mamilimita 110 kapena 125, opangidwira borehole, okhuthala, olumikizana ndi mazinga, osati aja opyapyala a madzi oipa. Mapaipi amenewa ndiwo casing. Ena mwa iwo ndi ocheka timipata tating'onoting'ono, amene amati screen, ndipo amaikidwa moyang'anizana ndi ming'alu ija inapereka madzi. Ena onse ndi otseka, ndipo pansi penipeni pamakhala chotsekera. Mukuona tsopano ntchito ya timilu tija: popanda kulemba pamene madzi analowera, screen imangoikidwa mwachimbulimbuli. Makampani ena amakuuzani kuti thanthwe ndi lolimba, casing ya pamwamba yokha ikwanira. Malo ena zimathekadi. Koma pa mwala wa mapanga, kamwala kamodzi kakagumuka pamwamba pa pampu, pampuyo simudzaionanso. Ine ndimati casing ifike pansi.

Pakati pa casing ndi khoma la dzenje pamatsala mpata wozungulira. M'menemo, kuyambira pansi kufika pamwamba pa screen, amathiramo timiyala tosalala totsukidwa, ngati nsangalabwi zazing'ono za kumtsinje, tokulirapo kuposa timipata ta screen. Timeneti timagwira casing kuti isagwedere ndiponso timatsekereza mchenga. Tithiridwe pang'onopang'ono, chifukwa mukakhuthula wilibala yonse kamodzi timatsekana pakati n'kusiya mphako pansi. Fumbi la kophwanyira miyala kapena zophwanyika zomwe zatuluka m'dzenjemo si zoyenera.

Ndiye pabwere chimene chinasowa kwa mlongo wanga. Mamita apamwamba a mpata uja, osachepera 5 kapena 6, ndipo bwino koposa kufika pa thanthwe lolimba, ayenera kudzazidwa ndi phala la simenti, kapena dongo lofufuma lotchedwa bentonite lotsatiridwa ndi simenti. Ichi ndicho chitseko. Popanda icho, borehole yanu ndi ngalande yoongoka yotengera madzi a pabwalo, a m'khola ndi a soakaway kupita ku madzi akumwa, anu ndi a msewu wonse. Ndi matumba ochepa chabe a simenti, mtengo wake wosafika n'komwe pa wa pampu, koma chifukwa chakuti akakwirira sizioneka, n'chimene chimadumphidwa kawirikawiri. Musachoke pamalopo. Onani matumba akutsegulidwa, onani phala likutsika. Pamwamba pake pamangidwe konkire yotsetserekera kunja, casing itulukire pamwamba pa nthaka ngati kutalika kwa rula ya kusukulu kapena kuposa, ndipo ikhale ndi chivundikiro chothina. Ndimamva chisoni ndikaona borehole itabisidwa m'kadzenje ka manhole pansi pa pabwalo kuti galimoto izidutsa bwino. Mvula ya Febuluwale ikadzaza kadzenjeko, madzi onsewo amalowera m'kamwa mwa casing.

Asanapite, okumba amapemerera mpweya m'chitsimemo kuti matope ndi fumbi zituluke ndipo timiyala tija tikhazikike. Zisathe pa mphindi khumi. Apitirize mpaka madzi a mu ndowa yoyera aoneke mbee, opanda mchenga pansi. Pomwepo amakuuzani kuchuluka kwa madzi, koma chiwerengero chopezeka popemerera mpweya ndi chongoyerekeza. Choona chimadziwika ndi pampu yoyezera. Amayeza pamene madzi aima asanayambe kupopa, n'kupopa mosalekeza kwa maola angapo uku akuyeza mmene akutsikira, kenako n'kuzimitsa n'kuona nthawi imene atenge kuti abwerere. Ambiri timadumpha zimenezi pofuna kupulumutsa ndalama ndi tsiku limodzi, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Masamu ake ndi apafupi. Chigubu cha malita 20 chikadzaza pa masekondi 40, ndiye theka la lita pa sekondi, kapena malita 1,800 pa ola, ndipo thanki ya malita 5,000 idzaza maola 3 asanakwane. Banja limodzi limakhala bwinobwino ndi madzi otere, ngakhale ocheperapo. Kumbukiraninso nyengo. Borehole yoyezedwa mu Malichi, nthaka itakhuta mvula, imaoneka yolemera kuposa mmene idzakhalire mu Okutobala ndi Novembala. Chilala cha 2024, chimene boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko, chinaphunzitsa ambiri zimenezi.

Pampu igulidwe pambuyo pa kuyezaku, osati patsogolo. Kulakwa kofala n'kuganiza kuti yaikulu ndiyo yabwino. Pampu yokoka madzi kuposa mmene ming'alu ikuperekera imaumitsa chitsime, imakoka mchenga, n'kupsa. Wogulitsa woona amafunsa zinthu ziwiri: malita angati pa ola, ndipo akwere mamita angati. Ngati popopa madzi amatsika kufika mamita 40 ndipo thanki ili pa nsanja ya mamita 6, pampu ikankhe mamita 46 kuwonjezapo zotayika m'mapaipi. Imatsitsidwa pa paipi yakuda yopindika, limodzi ndi nthambo ya magetsi yosalowa madzi ndi chingwe cholimba choigwira. Ikhale pansi pa pamene madzi amatsikira kwambiri, koma mamita angapo pamwamba pa matope a pansi, ndipo isayang'anizane ndi screen. Polumikizira nthambo m'madzimo pamatidwe ndi zomatira zake, osati tepi wamba. Pakhale kachipangizo kozimitsa pampu madzi akatha m'chitsime, kena kozimitsa thanki ikadzaza, ndi koteteza magetsi akabwera mwamphamvu. Ndi mmene magetsi a ZESCO akhala akuzimira madzi a m'damu la Kariba akatsika, ambiri asamukira ku pampu za sola, ndipo zimayenda bwino malinga thanki ikhale yokwanira kusunga madzi a usiku ndi a tsiku la mitambo. Nsanja musaipeputse: malita 5,000 ndi matani 5 ali pamwamba pa mitu ya ana.

Zonse zikalumikizidwa, chitsime chithiridwe klorini, chigone, n'kupopedwa mpaka fungo lithe. Pakapita masiku angapo tengani madzi m'botolo loyera la ku labotale n'kupita nawo tsiku lomwelo kukayezetsa, kaya ku University of Zambia, ku ZABS, bungwe loona za miyezo, kapena ku labotale ina yovomerezeka. Kuyera kwa madzi m'maso si umboni. Choyamba kufufuza ndi kachilombo ka E. coli, chizindikiro chakuti chimbudzi chafika m'madzi. Chachiwiri ndi mchere wotchedwa nitrate, amene amachokeranso ku zimbudzi ndi feteleza. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limaika malire pa mamiligalamu 50 pa lita, makamaka poteteza makanda omwa mkaka wosungunula. Kuwiritsa ndi klorini zimapha tizilombo, koma nitrate sizimuchotsa, ndipo kuwiritsa kwambiri kumangomuchulukitsa m'madzi otsalawo. Zoyera zokakamira mu ketulo ndi mu giza zisakuopseni, ndi laimu wa mwala uja, amawononga zipangizo osati thupi.

Kuyezetsa kamodzi sikukwanira, chifukwa poloti yopanda kanthu ya kuseri kwanu chaka chamawa idzakhala ndi mafulati asanu ndi soakaway imodzi. Ine ndimapititsa botolo chaka chilichonse mvula ikakhazikika, mu Januwale kapena Febuluwale, nthawi imene madzi apansi akwera kwambiri. Zotsatirazo ndimaziika mu envulopu imodzi ndi lipoti la okumba, losonyeza kuya, pamene pali screen, pamene simenti inafika ndi pamene pampu yalendewera. Kwa mlongo wanga tinachita kufukula mozungulira paipi mpaka pamene tinatha kufika, n'kuthira simenti, n'kukweza pakamwa pa chitsime. Madzi anayera, koma akumwa amawathirabe klorini mpaka lero, ndipo mvula yoyamba ikagwa amatunga m'galasi n'kuliika pawindo kuti aone ngati pansi padikha kanthu.